Mmene mungakonzere tsiku lothamanga losonkhetsa ndalama pa sukulu ya pulayimale, ana n'kuseweranso mokwana

Masukulu ambiri muno mu Lusaka anayesapo tsiku la masewera losonkhetsa ndalama, ndipo amapunthwa pa miyala imodzimodzi. Ana amafika 7 koloko n'kukhala pansi mpaka 11 akudikira mlendo wolemekezeka. Othamanga amakhala khumi omwe aja odziwika kale, anzawo mazanamazana akungoonerera. Madzi akumwa amatha dzuwa lisanafike pamutu. Ndalama zimalowa m'kathumba ka pulasitiki, ndipo pakatha mwezi palibe kholo lodziwa kuti zinakwana zingati kapena zinagula chiyani. Chaka chotsatira mukatumiza kalata, makolo amangoyatsira mbaula.

Ndakhala m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ina ya m'komboni, ndipo zina mwa zolakwa zimenezi zinachitika ine ndili pomwepo. Njira ili pansipa ndi imene inatithandiza: mwana aliyense athamange, aliyense asewere, ndipo ndalama ziwerengedwe anthu akuona.

Zofunika kukhala nazo

Chingwe cha mamita 10 choyezera bwalo.
Laimu kapena phulusa losefa lolembera mizere.
Mawezulo awiri.
Timphira tomangira ndalama, tambiri, toti tikwane kalasi yaikulu kwambiri kuchulukitsa ndi 10.
Mapepala a malonjezo, limodzi pa mwana aliyense, okhala ndi chidindo cha sukulu ndi nambala.
Buku la malisiti ndi buku limodzi lachikuto cholimba lolembamo ndalama zokhazokha.
Zidebe za mpopi, zigubu za malita 20, kolorini wothira m'madzi ndi sopo. Mwana aliyense abwere ndi botolo kapena kapu yake.
Bokosi la chithandizo choyamba: mabandeji, mapulasitala, thonje, magolovesi, mankhwala otsukira mabala ndi mapaketi a ORS obwezeretsa madzi m'thupi.
Zosewerera: zingwe zodumpha, mipira, matayala akale, timiyala, choko.
Akuluakulu odzipereka, awiri pa kalasi iliyonse kuwonjezera pa mphunzitsi.

Milungu isanu ndi umodzi tsikulo lisanafike

1. Gwirizanani chinthu chimodzi chimene ndalamazo zikachite. Khalani pansi a hedi, aphunzitsi a masewera ndi komiti, ndipo musadzuke musanalembe chiganizo chimodzi chomveka kwa mwana wa Giredi 2. Mwachitsanzo: theka tigula mipira ndi zingwe za kalasi iliyonse, theka tigula majuzi ndi nsapato za ana a pasukulu pano amene alibe. Mawu oti "zachitukuko cha sukulu" musawalembe. Kholo logulitsa tomato pa Soweto Market likufuna kudziwa kuti K5 yake ikathera pa chiyani, ndipo lili ndi ufulu wofunsa.

Chenjezo: ngati mbali ina ndi yothandiza ana osowa, maina awo akhale m'manja mwa a hedi ndi mphunzitsi wa uphungu basi. Mwana asaitanidwe kutsogolo kwa anzake kudzalandira juzi akujambulidwa.

2. Pezani chilolezo cholembedwa. A hedi adziwitse ofesi ya DEBS, yoyang'anira masukulu a m'distirikiti. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere, ndipo chopereka chilichonse chooneka ngati chokakamiza chingatengedwe ngati fizi yolowera kukhomo lakumbuyo. M'kalata yopita kwa makolo mulembe momveka kuti kupereka n'kwa ufulu, ndipo mwana amene sanabweretse ngakhale ngwee imodzi adzathamanga ndi kusewera mofanana ndi anzake. Mawu amenewa muwanenenso pa asembule, aphunzitsi onse akumva, chifukwa nthawi zambiri amene amawaphwanya ndi mphunzitsi wakhama amene akufuna kalasi yake ipambane.

Zonse zichitikire mkati mwa mpanda wa sukulu. Mukafuna kutulukira pamsewu mufunika kudziwitsa apolisi pasadakhale, komanso ana aang'ono ndi maminibasi a mu Lusaka si zinthu zoyendera limodzi.

3. Sankhani tsiku. Temu yachiwiri ndiyo yabwino. Mvula imakhala itasiya, mabwalo a ku Kanyama ndi ku Chawama amene amasefukira m'dzinja amakhala atauma, ndipo kutentha kwa Okutobala kumakhala kusanafike. Lachisanu loyandikira 16 Juni, Tsiku la Mwana wa mu Africa, limakhala bwino. Pewani mlungu woyamba wa Julaye chifukwa cha maholide a Heroes ndi Unity, ndipo mukachedwa mpaka Ogasiti mukumana ndi mphepo ya fumbi. M'mawa wa Juni kumazizira zedi, choncho yambani cha m'ma 8:30, ana abwere ndi majuzi oti avule akatenthedwa. Ngati sukulu yanu ili ndi magulu awiri, a m'mawa ndi a masana, gulu lililonse lichite pa nthawi yake. Kuwaphatikiza pa bwalo limodzi n'kuitana ngozi.

Mapepala a malonjezo

4. Gawani mapepala milungu itatu tsikulo lisanakwane. Pepala lililonse likhale ndi dzina la mwana, kalasi, nambala, ndi mizere yolembapo wopereka, ndalama zake ndi siginecha. Lembani m'buku kuti nambala yakuti yapita kwa mwana wakuti. Pepala lililonse libwerere kusukulu, ngakhale lopanda kanthu.

Pali njira ziwiri. Wopereka angalonjeze ndalama pa ulendo uliwonse umene mwana wazungulira bwalo: ambuya akati K1 pa ulendo umodzi, mdzukulu n'kuzungulira kasanu ndi katatu, apereka K8. Kapena angangopereka ndalama imodzi pomwepo. Njira yoyamba imasangalatsa ana, koma kutolera pambuyo pake n'kovuta. Anthu amasamuka, ena amaiwala, ena malipiro amakhala asanatuluke. Ife tinaona kuti yachiwiri ndiyo imabweretsa ndalama zenizeni. Mukasankha yoyamba, ikani malire a maulendo 10 kuti wolonjeza adziwe kale pamene ndalama zake zikathere.

Chenjezo lalikulu lili apa. Ana apemphe kwa anthu amene makolo awo akuwadziwa: apabanja, apatchalitchi, oyandikana nawo nyumba. Asapite pa siteshoni ya mabasi, m'mabala, m'mashopu a m'tauni kapena kugogoda pa mageti a anthu osawadziwa. Mwana wosakwana Giredi 5 asayende yekha ndi pepala. Uzani ana mawu oti anene, ndipo ayeseze m'kalasi: "Ambuya, kusukulu kwathu tidzathamanga Lachisanu kuti tigule mipira ndi majuzi a anzathu. Kodi mungandilembeko pa pepala langa?" Aphunzitseninso kuyamika ngakhale munthu wakana.

5. Landirani ndalama tsiku lililonse, osadikira tsiku lomaliza. Mwana asagone ndi ndalama m'chikwama kwa milungu itatu. Mphunzitsi alandire m'mawa, asaine pa pepala la mwanayo, ndipo pofika masana ndalamazo zikhale kwa msungichuma wa komiti zitalembedwa m'buku. Makolo ena adzafuna kutumiza pa Airtel Money kapena pa MTN MoMo. Zimenezo n'zabwino, koma nambala ikhale imodzi yogwirizana komiti yonse, yolembedwa pa kalata ya chidindo, ndipo anthu awiri aziona mauthenga olowa n'kuwakopera m'buku. Nambala ya mphunzitsi aliyense payekha isagwiritsidwe ntchito. Ngakhale munthu wokhulupirika amasokonezeka ndalama za sukulu zikasakanikirana ndi za magetsi a kunyumba kwake.

Mlungu womaliza

6. Funsani makolo za umoyo wa ana. Tumizani kapepala kofunsa ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena matenda a magazi otchedwa sickle cell. Mwana wa sickle cell amavutika akatopa kwambiri, akazizidwa kapena thupi likasowa madzi, choncho ayende m'malo mothamanga, amwe madzi pafupipafupi ndipo asavule juzi kukadali kozizira. Wa mphumu abwere ndi mankhwala ake opopera, ndipo mphunzitsi adziwe pamene ali. Pemphani namwino wa pa kiliniki yapafupi kapena odzipereka a Red Cross kuti adzakhalepo, ndipo pakhale galimoto imodzi yoimikidwa pafupi ndi geti, woyendetsa wake ali pomwepo.

Mwana woyenda pa njinga ya olumala kapena ndi ndodo azungulire nawo, mnzake ali pambali. Ulendo wake uwerengedwe mofanana ndi wa aliyense.

7. Konzani bwalo dzulo lake. Ana a makalasi apamwamba aime mzere umodzi phewa ndi phewa, ayende pang'onopang'ono kuchoka mbali ina kufika ina akutola magalasi osweka, misomali, mawaya ndi miyala. Ana ambiri adzathamanga opanda nsapato kapena atavala mapatapata, ndiye ntchito imeneyi musaichite mothamanga. Kwirirani maenje. Kenako yezani njira yozungulira ya mamita 200, ndiko kuti chingwe chija ka 20, mulifupi mwake mamita atatu kapena anayi. Makona akhale okhota bwino ngati dzira, chifukwa pa kona yakuthwa ndi pamene ana amagwerana. Bwalo likakhala laling'ono, mamita 100 akwana. Ngati madzi alipo, wazani pang'ono m'mawa kuti fumbi ligone.

Pakati pa njirayo ndi m'mbali mwake siyani malo aakulu opanda mizere. Amenewo ndi a masewera a ana eni ake, ndipo tibwererako.

8. Madzi ndi chakudya. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2024, pamene kolera inachedwetsa kutsegulira masukulu ndipo National Heroes Stadium inasanduka malo ogonekamo odwala. Pa tsiku losonkhana ana ochuluka chonchi, za madzi si zochitira mwamwayi. Tungani dzulo lake, thirani kolorini motsatira malangizo a pa botolo, vundikirani. Madzi atuluke pa mpopi wa chidebe, kapu isamizidwe m'madzimo. Ikani chidebe cha sopo pakhomo la zimbudzi ndi china pamalo odyera.

Ana ena amabwera kusukulu m'mimba muli zii. Ngati komiti ingathe, phikani phala kapena kandolo, onse adye kutatsala ola limodzi kuti athamange. Amayi ofuna kugulitsa vitumbuwa, nshawa ndi maheu aloledwe, koma chakudya chikhale chovundikira ndipo agwirizane ndi komiti pasadakhale kuti apereka zingati ku thumba la ndalama zosonkhetsazo.

Tsiku lenileni

9. Yambani pa nthawi imene munanena, mlendo afike kapena asafike. Pemphero, nyimbo ya fuko, mawu a hedi a mphindi zitatu, basi. Kenako mphindi zisanu zotenthetsa thupi: kuguba pamalo amodzi, kuzunguza manja, kudumphadumpha, nyimbo ikuimbidwa.

10. Thamangitsani kalasi ndi kalasi, kuyambira aang'ono. Muziwerenga nthawi m'malo moona amene wafika poyamba. A Giredi 1 ndi 2 apatseni mphindi 8, a Giredi 3 ndi 4 mphindi 12, akuluakulu mphindi 15. Wofuna kuthamanga athamange, wotopa ayende, palibe womukalipira. Pa mzere woyambira paime akuluakulu anayi, awiri mbali iyi awiri mbali iyo, aliyense ndi timphira m'manja. Mwana akadutsa atambasule dzanja, mumuveke kamphira kamodzi pamkono. Wezulo ikalira mphunzitsi awerenge timphira ta mwana aliyense, alembe pa pepala lake, atolere timphirato kuti tigwire ntchito kwa kalasi yotsatira. Njira imeneyi imathetsa mkangano woti "aphunzitsi simunandiwerenge".

Kalasi ikaposa ana 50, igaweni pawiri. Poyambira ndi pamene pamachitika ngozi zambiri, ndiye atulutseni khumikhumi, motalikirana masekondi ochepa. Auzeni kuti ayambe pang'onopang'ono. Sadzamvera, ulendo woyamba adzauluka onse, koma auzenibe. Mwana akayamba kudzandira, kusanza kapena kunena kuti mutu ukuzungulira, mutulutseni, mumukhazike pamthunzi, amwe madzi pang'onopang'ono, namwino amuone.

Ngati mukufuna kuwalimbikitsa, akumbutseni kuti Muzala Samukonga anatenga mendulo ya golide pa mamita 400 pa masewera a Commonwealth ku Birmingham mu 2022 ndi ya buronzi pa masewera a Olimpiki ku Paris mu 2024, ndipo mamita 400 amenewo ndi maulendo awiri okha a njira imene aimapo. Atsikana auzeni za katswiri wa mpira wamiyendo Barbra Banda, mwana wa mu Lusaka momwe muno. Koma mphoto musapereke kwa othamanga kwambiri okha, ndipo musapereke konse kwa mwana amene wabweretsa ndalama zambiri. Amene amapambana pamenepo ndi matumba a makolo.

11. Kalasi ikamaliza kuthamanga, isiyeni isewere yokha kwa mphindi 45 kapena kuposa. Gawo ili ndi limene makomiti amalidula nthawi ikachepa, ndipo ine ndimati ndilo gawo lofunika kuposa onse. Ana athu ambiri amakhala m'mayadi a nyumba zothithikana, pamene malo osewerera ndi kanjira ka pakati pa nyumba ndi ngalande. Bwalo la sukulu ndi malo aakulu okhawo opanda magalimoto amene ena a iwo amawapondapo mlungu wonse.

Tulani zosewerera pakati pa bwalo mulu umodzi, inu mubwerere m'mbali. Musagawe matimu, musaike malamulo, wezulo ilowe m'thumba. Mphindi zoyambirira padzakhala phokoso ndi kulimbirana, ndipo manja anu adzayabwa kufuna kukonza zinthu. Dekhani. Posachedwa muona atsikana atamanga mphira ya waida m'miyendo, ena atakumba kadzenje n'kukhala pansi pa chiyato, anyamata ataika miyala iwiri ya golo n'kutulutsa chimpombwa chawo ngakhale mpira wogula uli pomwepo. Ena adzathamangira kuseri kwa makalasi kukabisala pa chidunu, choncho nenani kale malire a kumene angafike.

Pa tsiku lathu ndinaima pafupi ndi kamtsikana ka Giredi 3 kamene pothamanga kanali kumbuyo kwa onse, timphira titatu tokha pamkono, nkhope ili pansi. Pa chiyato kanakhala pansi n'kupinda miyendo, n'kuponya mwala m'mwamba, dzanja n'kusesa timiyala kutulutsa m'dzenje mwala uja usanatsike, osaphonya. Ana a Giredi 5 anasiya zawo kudzazungulira. Mmodzi anati, "Iwe, tiphunzitseko." Kanayankha osadzutsa mutu, "Khala apa, uziona dzanja langa." Mphunzitsi wake anandiuza kuti m'kalasi sikalankhula. Tikanagawa ife masewerawo, tikanakaika pa mzere wodikira kudumpha chingwe.

Ntchito ya akuluakulu ndi kuyang'ana. Mmodzi aime pa geti, mmodzi ku zimbudzi, ena m'makona. Lowererani pakakhala magazi, ndewu ya manja, kapena mwana wamkulu akulanda zinthu kwa wamng'ono. Mkangano woti mpira unalowa kapena sunalowe autsirize okha. Yang'aniraninso kuti mpira wa anyamata usadye bwalo lonse. Ngati wayamba kutero, jambulani mzere umodzi wa phulusa, mpira ukhale mbali imodzi.

12. Werengani ndalama tsiku lomwelo, ana asanaweruke. Pakhale anthu atatu: msungichuma, mphunzitsi mmodzi ndi kholo limodzi losankhidwa ndi makolo anzake pomwepo. Werengani kalasi ndi kalasi, muyerekeze ndi mapepala ndi buku, muwonjezere za pa foni ndi za ogulitsa zakudya. Onse atatu asaine. Chiwerengero chonse chilembedwe pa bolodi panja pa ofesi ndipo chilengezedwe kwa ana. Lengezani cha sukulu yonse, osati mndandanda woonetsa kalasi imene yapereka zochepa. Ndalama zikalowe ku akaunti ya sukulu tsiku lomwelo kapena tsiku lotsatira logwira ntchito.

Pambuyo pake

13. Gulani pasanathe milungu iwiri. Anthu awiri apite limodzi, kaya ndi ku Kamwala kaya ndi ku City Market, afunse mitengo m'mashopu atatu ndipo abwere ndi malisiti. Gulani zinthu zambiri zotsika mtengo m'malo mwa mpira umodzi wodula: zingwe, mipira yaing'ono, pampu ndi singano zake. Malisiti amatidwe pa bolodi, chithunzi chake chipite pa gulu la WhatsApp la makolo.

14. Zosewerera zikhale m'makalasi. Kalasi iliyonse ikhale ndi thumba lake, ndipo ana awiri aziwerenga potulutsa ndi pobweza nthawi ya buleki. Matayala abooleni pansi kuti madzi a mvula asamaimemo n'kuswetsa udzudzu. Bungwe la World Health Organization limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 afunika mphindi 60 tsiku lililonse za masewera olimbitsa thupi. Tsiku limodzi pa chaka silingakwanitse zimenezo, ndiye komiti ipemphe a hedi kuti piriyodi ya masewera, ya PE, isamalandidwe ndi masamu mayeso akayandikira, ndiponso kuti kuletsa mwana kupita ku buleki kusakhale chilango.

Zolakwa zofala

Kubweza mwana amene sanabweretse ndalama. Izi zinachitika pa sukulu yathu chaka choyamba. Mphunzitsi wina anasiya ana asanu ndi awiri m'kalasi kuti asese pamene anzawo anali pabwalo. Tinadziwa madzulo, mayi wa mmodzi wa anawo atabwera ku ofesi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "A hedi, kodi mwana wanga walakwa chiyani?" Kuyambira pamenepo mmodzi wa komiti amayendera makalasi onse wezulo yoyamba isanalire kuona kuti mulibe mwana wotsalira.

Kuwononga ndalama pa tsikulo. Tenti, zokuzira mawu za hayala, zakumwa za alendo ndi masikipa a komiti zingadye theka la zimene ana asonkhetsa. Chimene simungabwereke kapena kupatsidwa, chisiyeni.

Kusunga mipira yatsopano mu ofesi ya a hedi kudikira mpikisano wa masukulu. Mpira wogulidwa ndi thukuta la ana ung'ambikire m'miyendo mwawo.

Kujambula ana n'kuwaika pa Facebook osapempha makolo. Funsani pa kalata yoyamba ija, ndipo wokana mumulemekeze.

Kusiya atsikana akuluakulu akhale pansi chifukwa cha yunifomu kapena chifukwa ali kumwezi. Lolani kuti tsikulo avale zimene angathamange nazo momasuka, ndipo mphunzitsi wamkazi akhale ndi mapadi ndi chitenje chapadera.

Kuiwala geti. Tsiku lotere anthu amalowa ambiri, ndipo ana a Giredi 1 amatha kutuluka osaoneka. Mphunzitsi aliyense aitane maina kalasi isanapite pabwalo, aitanenso itabwerera, ndipo wamng'ono aliyense atuluke ndi munthu amene amamutenga masiku onse.